Kamera ya ku Khola la Nkhuku

"Ikani pansi chikwama icho, batate bake Natasha. Munthu akali moyo, imwe mwayamba kale kumulongela vovala monga ni malilo?"

Mwandida anaima pakhomo la chipinda cha apongozi ake, manja ali m'chiuno. Mwamuna wake, Luckson Daka, anali atagwada pansi akupinda malaya a bambo ake omubala ndi kuwaponya m'chikwama chakale. Mwini malayawo, a Goodwell, anali panja pansi pa mtengo wa mapeyala akutonola chimanga ngati sakumva kanthu. Koma makoma a nyumba za kuno ku Kafue ndi opyapyala, ndipo makutu a mkuluyo anali akadali akuthwa.

"Amake Natasha, osanivuta," anatero Luckson osatembenuka. "Waona weka pa sikirini. Si kamodzi, si kabili. Masabata yatatu, tsiku na tsiku."

"Naona kamera yazima. Mfiti sininaione."

"Manje izima bwanji pa munthu umodzi chabe? Iwe ukayenda kukhola kuseni, isebenza. Ine nikayenda masana, isebenza. Batate bakangofika pa chitseko cha khola madzulo, mdima bii. Kukacha kamera yauka yeka, nkhuku zibili palibe. Si malaiti, chifukwa batire ilipo. Makamera yenangu yatatu yaonetsa bwino mpaka kuseni. Nichani icho?"

"Siniziba. Koma kusaziba kwanga sikupanga batate banu mfiti."

"Ba Titus ba kutchalitchi banakamba kuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Tiyopa kukamba chifukwa ni batate. Pa Chiweru cha sabata ya mawa bazabwela kupemphela, bakasiliza nizabakwezeka basi ya ku Petauke. Nasiliza."

"Ku Petauke kuli ndani? Banachokako bali na zaka naintini. Bonse bamene banabaziba bali ku manda."

Luckson anatseka zipi ya chikwama mwamphamvu mpaka inaduka. Anaikankhira pansi pa bedi ndi phazi, n'kutuluka osayang'ana kumtengo wa mapeyala.

Nkhani yonse inayamba ndi nkhuku. A Goodwell atachotsedwa ntchito ku njanji pamodzi ndi anzawo ambiri, anamanga khola kuseri kwa nyumba, ndipo mazira a m'kholamo ndi amene anaphunzitsa Luckson sukulu. Akuba atayamba kuvuta, Luckson anaganiza zoika makamera anayi: ya pageti, ya pakhonde, ya m'mbali mwa nyumba ndi ya kukhola. Mayi wina wodziwa ntchitoyi, dzina lake Felistus, anakoka mawaya bwinobwino, n'kumulembera papepala mtundu wa swichi yoti agule. Swichi ndi kabokosi kamene mawaya onse a makamera amalowamo, ndipo ndi komweko kamene kamatumiza magetsi ku kamera iliyonse kudzera m'waya womwewo wa zithunzi.

Luckson wathu, munthu wosafuna kuphunzitsidwa ndi mkazi, anakwera minibasi kupita ku Lusaka, pepala lija n'kuliiwalira dala m'thumba. Anabwerako ndi swichi yotchipa ya pa tebulo la m'mbali mwa msewu, akumwetulira ngati wapha njovu. Ankauza aliyense kuti Felistus amafuna kumudyera, pakuti yakeyi inali ndi mabowo asanu ndi atatu pamene makamera anali anayi okha. Anailumikiza yekha. Safunsa anadya phula, koma phula ili anadzalidya ndi munthu wina.

Kamera ya kukhola itayamba kuzima, Luckson anajambula sikirini ndi foni n'kukaonetsa Titus, mnyamata wa mawu aakulu amene ankatsogolera mapemphero a m'makomo kutchalitchi kwawo. Pa kanemayo pankaoneka nkhalamba ikuyenda pang'onopang'ono kunka kukhola, ikuwerama pa chitseko, kenako chithunzi n'kuda. Pofika Lamulungu, kanemayo inali m'mafoni a m'dera lonse. Ndimachita manyazi kunena kuti nanenso ndinaionera, ndipo ndinapukusa mutu ngati anzanga onse.

Anthu amene kwa zaka zambiri ankagula mazira m'manja mwa a Goodwell anayamba kulambalala geti. Mayi Joyce, oyandikana nawo mpanda, ankati akawaona akubwera amayamba kuyimba nyimbo ya kutchalitchi mokweza. Mkulu amene anakonza mapampu, maloko ndi mawayilesi a theka la msewu wathu popanda kufunsa kanthu anasanduka munthu wosapatsidwa moni.

Madzulo a tsiku la mkangano lija, Mwandida anatenga kapu ya tiyi n'kukagwada chapatali ndi apongozi ake, monga mwa ulemu wake.

"Atate, tiyi."

"Zikomo amayi. Ikani pomwepo." A Goodwell ankalankhulabe Chinyanja cha kwawo kummawa, chosasakaniza. "Musamakangane ndi mwamuna wanu chifukwa cha ine. Ndipita. Munthu ukakalamba umanunkha, ngakhale usambe katatu."

"Simuzayenda kulikonse. Nipemphako chinthu chimodzi. Mailo musayende kukhola. Nizatseka neka chitseko."

"Mukufuna nanunso akutchuleni dzina lomweli?"

"Banitchule. Nifuna nione na menso yanga."

Mawa lake a Goodwell anakhala m'chipinda mwawo. Dzuwa litalowa, Mwandida anapita kukhola, anawerenga nkhuku, anawerama kukoka chitseko. Atabwerera m'nyumba anapeza Luckson ataima patsogolo pa sikirini. Mbali ya kukhola inali yakuda.

"Mwaona? Yazima pali ine. Batate bali mu rumu."

Iye ankayesa kuti nkhani yatha. Koma Luckson anamuyang'ana ndi maso achilendo, n'kutenga foni kuimbira Titus. Atatha kulankhula anati, "Ba Titus bakamba ati vinthu ivi vimayambukila. Uwapikila, uwachapila, ukamba nabo maningi. Bati uchenjele, naiwe ungafunike mapemphelo."

"So nikaiona yazima pali batate, ni ufiti. Ikazima pali ine, ni ufiti futi. Nanga ikazima palibe munthu?"

"Ndiye kuti batuma mizimu."

Mwandida anaseka kuseka kosakondwa. Anazindikira kuti munthu amene wagamula kale mlandu, umboni uliwonse umangomuthira mchere.

Kuyambira tsiku limenelo analeka kukangana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ankabwerako msanga ku msika kumene ankagulitsa mazira ndi tomato wa ku Shimabala, n'kukhala pampando patsogolo pa sikirini akusadzula ndiwo, diso lili pa wotchi ya pakhoma. Lolemba kamera inazima nthawi itangopitirira sikisi. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu kunachita mitambo yakuda ya mvula yochokera kumtsinje, ndipo kamera inazima faifi isanakwane, apongozi ake ali m'bafa, nkhuku zikadali panja. Anaonanso kanthu kena. Nthawi iliyonse, zithunzi za makamera atatu aja zinkayamba zasintha kuchoka pa mitundu n'kukhala zotuwa, ndipo pomwepo ya kukhola inkafa.

Lachinayi m'mawa anasiyira mnzake tebulo la ku msika. Anatenga katoni imene swichi inabweramo n'kupita nayo ku kashopu ka Felistus, pafupi ndi siteshoni ya sitima. Anamupeza atakhala pakati pa mawaya, magalasi ali pamphuno.

"Ba Felistus, mwauka shani? Nabwela na mulandu."

"Naumva mulandu wanu, amake Natasha. Kanema inafika na mu foni yanga. Nenze kuyembekeza kuti bamuna banu bazabwela, koma munthu wamene anataya pepala yanga sangabwele. Onetsani katoni."

Felistus anaitembenuza, n'kuloza ndi chikhadabo timalemba tating'ono m'munsi. Anapukusa mutu.

"Belengani apa. Mphamvu yonse, mawatsi sate. Iyi ndiye nambala yamene munthu afunika kuona pogula. Bamuna banu banabelenga mabowo."

"Nifotokozeleni monga mwana. Ine sukulu ninalekela mu giredi naini."

"Muziba minibasi ya mipando yambili koma injini yofooka? Pa flati iyenda bwino. Ikafika pa chitunda, kondakita akamba ati umodzi aseluke. Ndiye swichi yanu. Masana kamera imodzi idya mawatsi folo. Zonse pamodzi sikisitini, swichi ikwanisa. Kukada, kamera iliyonse iyasha tumalaiti twake tofiila twa usiku kuti izione mu mdima, apo idya naini. Naini kanayi ni sate-sikisi. Swichi ili na sate chabe. Manje ichita bwanji? Iselusa wa kumapeto. Waya wa kukhola uli mu bowo iti?"

"Yachinayi. Yosilizila."

"Basi. Ndiye pasinja wamene aseluka tsiku na tsiku. Kukacha tumalaiti tuzima, mphamvu yakwana, kamera yauka."

Misozi ya Mwandida inangotsika yokha, ya mkwiyo osati ya chisoni.

"Nkhalamba itseka khola pamene nkhuku zangena. Nkhuku zingena pamene kwayamba kuda. Ndiye mulandu wonse wa apongozi banga."

"Ndiye wonse. Na bakawalala bakuba nkhuku si vipuba, ni bochenjela. Baona kuti kamera ya kumbuyo ilibe tumenso tofiila usiku, baziba kuti yagona. Kayang'aneni waya wochingila khola kumbuyo, muzapeza pamene banyamulila."

Felistus anatsitsa katoni ina pa shelefu. Anamuonetsa mmene munthu amasankhira: kuwonkhetsa mawatsi a usiku a makamera onse, kuwonjezerapo ena apadera kuti swichi isamagwire ntchito ikubanika, kenako n'kuyang'ana ngati nambala ya pa katoni ikuposa pamenepo. Anamuonetsanso chizindikiro chosonyeza kuti swichiyo imayamba yafunsa chipangizo ngati chikufuna magetsi isanawatumize, kuopa kuotcha zinthu. Iyi inali ya mawatsi sikisite-faifi.

"Tengani mukaiyese. Pa Chiweru nizabwela neka nikabauze."

"Iyayi, ba Felistus. Imwe mukabwela bazakamba ati mufuna kugulisa katundu, olo ati batate banakudyesani. Aba banthu sibamvela na matu. Bafunika baone, ndipo baone masana, dzuba ili pamutu." Anaima kaye akuganiza. "Kamera iziba bwanji kuti kwada?"

"Ili na kadiso kang'ono pansi pa galasi kamene kamvela kuwala."

"Nanga nikaivininkila na chitenje?"

Felistus anavula magalasi n'kumuyang'anitsitsa. Kenako anayamba kuseka mpaka anagwira tebulo.

"Amake Natasha, giredi naini yanu ija inali ya kuti? Vininkilani zitatu. Naini katatu, kuikapo folo ya kukhola, ni sate-wanu. Yapitilila na imodzi. Izagwa."

Mwandida sanauze munthu aliyense. Swichi yatsopano anaibisa m'dengu la tomato. Lachisanu Luckson ali kuntchito ku fakitale, anayeserera yekha kawiri ndi zitenje ndi ndodo yothyolera mapeyala. A Goodwell ankangomuyang'ana ali pampando wawo, osafunsa. Mkulu uja anali ataonda m'masabata amenewo, kolala ya malaya ikuchita kulendewera m'khosi.

Loweruka linafika. Pofika leveni koloko pabwalo panali anthu oposa makumi atatu, ena a kutchalitchi, ena ongofuna kuonera. Titus anabwera atavala suti yoyera, thukuta likuyenderera. A Goodwell anawakhazika pampando pakati pa bwalo, chikwama chomangidwa ndi chingwe chili pambali pawo. Anavala jekete lawo lakale la ku njanji ndipo anakhala mowongoka, maso ali patsogolo. Sindinaonepo munthu wonyozedwa atakhala mwaulemu chotero.

Titus atangokweza dzanja kuti ayambe, Mwandida anatuluka m'nyumba atanyamula sikirini, waya ukukwekwereza pambuyo. Anaiika pa tebulo pakhonde poti aliyense aone. Zithunzi zonse zinayi zinkaoneka bwino. Kenako anagwada.

"Ba Titus, nipempha mau yabili mukalibe kuyamba. Ine ndine mukazi chabe, vinthu va mizimu siniviziba. Koma nimvela ati nkhondo imenyewela pamene pali mudani. Voipa vonse vichitikila pa chitseko cha khola. Simungayambile pamene paja? Ise tizakuonani pa sikirini, tizavomekeza ameni."

Luckson anamuyang'ana mokayika, koma Titus anakondwa.

"Mulongo wakamba mwa nzelu. Mdima tiupeza kwamene ugona."

Anazungulira kuseri kwa nyumba. Posakhalitsa anaoneka pa sikirini ataima pa chitseko cha khola, manja ali m'mwamba, suti ikuwala padzuwa. Mawu ake ankamveka kudumpha denga. Anthu anaunjikana pakhonde.

Mwandida anavundukula dengu n'kutulutsa zitenje zitatu. Anatenga ndodo ija, anakoleka chitenje choyamba pa kamera ya pageti. Chachiwiri anakoleka pa ya m'mbali. Anthu ankangoyesa kuti mwina ndi mbali ya mapemphero. Chachitatu anapatsira mayi Joyce.

"Ba Joyce, imwe ndimwe batali. Nivininkilileniko iyi ya pakhonde, kuti bangakambe ati ni manja yanga."

Mayi Joyce anaphimba. Zithunzi zitatu zinachita mbuu, zotuwa. Panapita kamphindi kochepa. Kenako Titus, pakamwa pali yasa, dzanja lili m'mwamba, anazimirira pa sikirini. Panatsala mdima wokhawokha, dzuwa lili paliwombo.

Kuseri kwa nyumba munthu ankapitirizabe kudzudzula mizimu, osadziwa kanthu.

"Ba Titus bazimya kamera," anatero mayi Joyce motsitsa mawu.

Wina anayamba kuseka chamumtima, wina n'kulephera kudzigwira, mpaka bwalo lonse linaphulika. Titus anabwera akuthamanga, n'kuima patsogolo pa sikirini.

"Ichi nichani? Ni nkhalamba iyi. Yatuma mphamvu zake."

"Batate sibanasunthe pa mupando," anatero Mwandida. "Koma tiyeni tione ngati mphamvu zao ziyopa chitenje."

Anachotsa chitenje cha pakhonde. Patapita mphindi imodzi, khola linabwerera pa sikirini, nkhuku zikutolatola. Anaphimbanso, khola linazima. Anachotsa, linabwerera. Anachita zimenezi katatu, mosafulumira, ngati mmene amasankhira tomato.

"Ba Titus, paja munakamba ati wamene kamera yazimila ni mfiti. Yazimila batate. Yazimila ine. Lelo yazimila imwe, pamenso pa banthu bonse aba. Manje basi ya ku Petauke tizakwela bangati?"

Titus anabwerera chambuyo n'kukaima kumbali.

Mwandida analowa m'nyumba n'kutuluka ndi makatoni awiri. Anafotokoza zonse monga anamuuzira Felistus, za mawatsi a masana ndi a usiku, za minibasi ndi chitunda. Panali madalaivala awiri pagulupo, ndipo anagwedeza mitu kuvomereza. Kenako anaitana mwamuna wake.

"Batate bake Natasha, belengani nambala iyi mokweza. Ndimwe munagula."

"Sate," anatero Luckson.

"Na iyi?"

"Sikisite-faifi."

"Chosani mawaya mu yanu, muike mu iyi. Nizavininkila makamera yonse."

Luckson analumikiza mawaya. Zithunzi zinayi zitabwerera, Mwandida anaphimba atatu aja, n'kutuma mayi Joyce kukaphimba ya kukhola ndi duku lawo. Anthu anadikira. Mphindi zisanu zinatha, palibe kamera inafa. Wina amene anapita kuseri anabwerako akunena kuti waya wa khola ndi wotukulidwa m'munsi chakumpanda, pali mpata woti munthu n'kukwawa.

Titus anapukuta nkhope ndi mpango, ananena kena kake kokhudza nzeru za dziko lapansi, n'kutuluka pageti. Amene anamutsatira anali awiri okha. Otsalafe tinayamba kuyang'ana pansi, aliyense akufunafuna pobisa nkhope. Kuseka kuja kunali kutatha, chifukwa tinakumbukira kuti si Titus yekha anaweruza mlanduwu. Mayi Joyce anapita kukagwada patsogolo pa mpando uja, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Ba Daka, mwachoma bwanji?"

"Ndaswera bwino, amayi. Kaya inu," anayankha a Goodwell, ngati kuti moni umenewu unali wa dzulo lomweli.

Mwandida anayamba kupinda zitenje zake. Mayi ameneyu sanakweze mawu tsiku lonselo, sanatukwane munthu, koma anachita chimene amuna tonse a mumsewu uja tinalephera. Ine mpaka lero ndikakumana naye pa msika ndimavula chipewa.

A Goodwell anadzuka pang'onopang'ono. Anawerama n'kunyamula chikwama chija. Luckson anathamanga n'kugwa m'maondo patsogolo pawo.

"Batate, ikani pansi. Nalakwa. Ni swichi, naona neka. Nikhululukileni."

"Waona wekha," anatero mkuluyo. Mawu ake anali ofatsa, koma bwalo lonse linamva. "Zitenje zitatu zakukhutiritsa, mwana wanga. Ine ndakhala nawe zaka makumi anayi. Ndinakunyamula pamsana kupita nawe kuchipatala mvula ikugwa, amako atamwalira ndinakuphikira ndekha. Zonsezo sizinakwane kuti unene kuti bambo anga si mfiti. Unadikira chitenje."

"Batate, ninasokonezeka."

"Ukanagula kabokosi kabwino tsiku lija, bwenzi ndili munthu wabwino. Mawa firiji ikadzafa, ndidzakhala ndani?"

Luckson ankangolira, chipumi chili pa nsapato za bambo ake. A Goodwell anachotsa phazi lawo mosamala, n'kuyamba kuyenda. Tonse tinayesa kuti akulowera kugeti. Mwandida anasiya zitenje n'kukagwada panjira pawo, pafupi kwambiri kuposa mmene mpongozi amayenera kufikira.

"Atate, mukayenda, bazakamba ati munathaba. Ine sinizakwanisa kuvininkila pakamwa pa banthu na chitenje. Nkhalani."

Mkuluyo anamuyang'ana kwa nthawi yaitali. Maso ake, amene anali ouma m'masabata onse aja, tsopano anadzaza misozi. Anamupatsira chikwama ndi manja awiri.

"Kaikeni kuchipinda, amayi. Ndikhala. Koma anthu onsewa amve: kuyambira lero ndikukhala pakhomo pa mwana wanga wamkazi."

"Nanga ine, batate?" anafunsa Luckson akadali chogwada.

A Goodwell anavula jekete, n'kulikoleka pampando.

"Iwe tenga pulayala ukatseke mpata uja akulowera akuba. Za ine ndi iwe zitenga nthawi."